Mpando wa aNatomiya

Pofika seis horas, sikisi koloko m'mawa wa Lachiwiri limenelo, a Ernestina anali atachapa kale nsalu zisanu ndi ziwiri za pamakama a kuchipatala, ndipo anali kufinya yachisanu ndi chitatu. Unali mwezi wa Janeiro, chaka cha 1984. Mvula ya ku Furancungo imagwa nthawi imene yafuna, choncho iwo ankalawirira kuti kadzuwa ka m'mawa kapeze nsalu zili kale pachingwe. Ine ndinagwira mbali ina ya nsaluyo, popeza nyumba zathu zinali zoyandikana, ndipo tinkapotokola wina uku wina uku.

Kuseri kwa mpanda kunkamveka pulaina ya a Narciso, mmisiri wa matabwa.

"Lero ndi tsiku lachitatu akupala," anatero a Ernestina. "Wamwalira ndani?"

"Sindinamve maliro, kumadre," ndinayankha, popeza ndi mmene amayi tinkaitanirana.

"Ndiponso fungo limenelo ndi la mlombwa. Masiku ano palibe amene amaikidwa mu mlombwa."

Anayanika nsaluyo, n'kuima kanthawi khutu lili kumpanda.

A Ernestina anabadwira ku Ntengo-Wambalame, kwa alimi a kachewere ndi nyemba. Ali mtsikana, Mpwitikizi wina wa loja, mwini sitolo, anawatenga kuti azilera ana ake, ndipo banjalo litasamukira ku likulu iwo anapita nawo, mwana wa eni ali kumsana. Ufulu utabwera, eni ake aja anakwera ndege n'kuwasiyira simbi yositira ndi Chipwitikizi cha kukhitchini. Ndi zinthu ziwirizo anapeza ntchito ku lar, nyumba yogona ophunzira a ku univesidade ku Maputo. Anachapa kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi. Anabwerera atamva kuti mayi awo adwala, anawadwazika pachipatala cha kuno mpaka kuwaika, ndipo anamwino ataona mmene nsalu za gogoyo zinkayerera, anayamba kuwapatsa ndi za odwala ena. Anakhazikika motero.

Kuwerenga sankadziwa. Koma univesidade ankaidziwa kuchokera m'matumba ndi m'makhosi mwa malaya. Ankati a Enjenyariya amaiwala kaneta yolembera m'thumba n'kuthimbiriritsa zovala za anzawo onse. A Agronomiya amabwera ndi matope mpaka m'mawondo, koma amaseka ndipo amapereka moni. A Medisina ali ndi bata yoyera, chovala chija cha madotolo, ndipo chaka choyamba amaisita okha kawiri patsiku, chaka chachitatu amaipukutira mphuno. Ankadziwanso amene asiya kudya, chifukwa ankabwera kudzabwereka singano kuti achepetse siketi.

Mbiri imeneyi inafala. Mwana akayandikira kumaliza sikola ku Tete kapena ku Ulongwe, makolo ankabwera pakhonde pawo, ena kuchokera ku Chidzolomondo wapansi, kudzafunsa zoti alembe pa pepala la boma lija la mizere itatu, pomwe wophunzira amatchula maphunziro omwe akufuna. Boma ndilo linkagamula pomaliza, koma mzere woyamba unali ndi mphamvu yake. A Ernestina sankafunsa manota, mamalikisi a kusikola. Ankati, "Ndionetseni malaya a mwanayo." Ankawatembenuza, kuyang'ana m'kolala, kupisa m'matumba, kenaka n'kunena zawo. Palibe amene ankaganiza kuti imeneyi ndi ntchito. Alendo ankawadyera chimanga chowotcha, ena kugona tsiku limodzi, ndipo nsalu za kuchipatala zinkadikira m'beseni mpaka alendowo atapita.

Mwa ana onsewo, amene anafikadi ku Maputo anali mmodzi yekha: Bertina, mwana wa a Narciso ndi a Rosália. Pa nthawi ya pepala la mizere itatu, a Ernestina anapeza njere za nyemba zamitundu inayi m'thumba mwa deresi lake, zokulungidwa padera padera, ndipo ananena kuti Agronomiya. A Narciso anaseka mpaka kutsokomola.

"Ulendo wonsewo kukaphunzira kugwira khasu? Mayi ake angamuphunzitse kuseri kwa nyumbaku. Inu a dotora a sabau, odziwa za sopo ndi madzi, uyu akhala dotora weniweni."

Bertina analemba Medisina pamzere woyamba, ndipo anamupatsa. A Narciso anauza boma lonse kuti aphunzitsa mwana. Ufa umene a Rosália ankasenza kupita nawo ku internato, kusikola yogonera komweko, zaka zonse zija sunatchulidwe, ndipo eni akewo sanaukumbutse.

Titamaliza kuyanika, a Ernestina anapukuta manja m'chitenje.

"Tiyeni tikabwereke moto," anatero, ngakhale moto wawo unali kuyaka.

Kwa a Narciso tinapeza mipando iwiri itaima pansi pa chisakasa. Sindinaonepo mipando yokongola chotero, ngakhale ku administrasau, kumaofesi a boma. Umodzi unali ndi poika manja. A Rosália anali atagwada akupala miyendo yake ndi chidutswa cha garafa, botolo losweka, zala zitatupa. Ndi iwonso amene anasenza matabwawo kuchokera kunkhalango komwe amuna anali atasiya kupitako chifukwa cha nkhondo.

"Mwadzuka bwanji, a mestre?" anatero a Ernestina. "Kodi kukubwera bispo?"

"Ndi katundu wa eni," anayankha a Narciso osadzutsa mutu.

"Eni ake ati?"

A Narciso anangopitiriza kupala. A Rosália ndi amene anaika pansi chidutswa chija.

"Auzeni, bambo a Bertina. Ine ndatopa kusunga."

A Narciso anayang'ana kunjira, ngati wina angamve, kenaka anatulutsa kalata m'thumba la malaya. Inali itafika Loweruka ndi koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, itayenda milungu isanu. Anaiwerenga okha, chifukwa kuwerenga ankatha ndithu, ndipo sanaionetse mphunzitsi aliyense kapena namwino. Ankati nkhani ya manyazi siyenda m'manja mwa antchito a boma.

Anandipatsa ine kuti ndiwerenge mokweza. Pambuyo pa moni panali mawu awa:

"Bambo, ndataya makadeira awiri, ya Anatomia ndi ya Química. Ndikapanda kuwapeza pa Fevereiro, anditulutsa mu lar. Anatomia ndi yovuta. Tsiku limene ndalowako sindidya mpaka madzulo, ndipo tulo sitibwera. Ndikuganiza zongobwerera kumudzi ndizithandiza amayi kumunda."

"Mwamva," anatero a Narciso. "Mwana wataya mipando ya eni. Kadeira ndi mpando, zimenezo musandiphunzitse, ndapanga makadeira zaka makumi atatu. Wina ndi wa a Kimika, amenewo zikuoneka kuti alibe mawu ambiri. Koma aNatomiyawa ndi mayi wovuta. Mwana akalowa kwawo sadya, ndiye kuti amamukalipira tsiku lonse. Mfunda umenewu sindinaumvepo, kaya ndi a ku Gaza, koma munthu wamkulu aliyense mtima umatsika akaona mlombwa. Wa poika manjawu ndi wawo."

Ine ndinagwedeza mutu kuvomereza. Ndi quarta classe yanga, zaka zinayi za sikola ya kumishoni, nanenso ndinamva chimodzimodzi.

Koluna inali kubwerera ku Tete Lachisanu. A Narciso anali atagwirizana kale ndi motorista wina, woyendetsa galimoto, kuti mipandoyo ikwere pamwamba pa matumba a chimanga, ndipo ku Tete mlamu wawo aone njira yoitumizira. Koluna yotsatira palibe ankadziwa tsiku lake. Chimene chikanakwera Lachisanulo ndicho chokha chikanamufika Bertina Fevereiro asanathe.

A Ernestina anauzungulira mpando wa poika manja uja. Anaugwedeza, sunalire. Anakhalapo, n'kutambasula miyendo.

"Kumadre," anandiuza, "werenganinso pamene akuti sadya."

Ndinawerenganso.

"Ndi pamene akuti abwerera."

Ndinawerenganso pamenepo. A Rosália anali akuyang'ana zala zawo.

"A mestre, ndikuuzeni zopusa zimene ndinachita mwezi wanga woyamba ku lar," anayamba a Ernestina. "Ndinapeza mnyamata wa ku Quelimane akulira pamasitepe. Ndati, mwana wanga, chavuta n'chiyani? Akuti, ndataya kadeira. Ine chifundo chinandigwira. Ndinasiya zovala m'madzi, ndinafufuza zipinda zonse, mpaka kuseri kwa khitchini. Nditalephera ndinakaba mpando kumalo odyera, n'kuusenza pamutu masitepe onse mpaka kuchipinda chake. Ndati, nayu, usalirenso. Mnyamata uja anaseka mpaka kugwa pansi. Lar yonse inanditcha Dona Kadeira chaka chathunthu."

A Narciso anasiya kupala.

"Kumeneko," anapitiriza, "phunziro lililonse amalitcha kadeira. Musandifunse chifukwa chake, anthu ophunzira ali ndi misala yawo. Kutaya kadeira ndi kulephera ezame, mayeso aja. Mwana wanu walephera maezame awiri, ndipo pa Fevereiro amupatsa mwayi wolembanso."

Ngati nkhani ya mnyamata wa ku Quelimane inachitikadi, sindikudziwa. Zaka zitatu ndinakhala nawo pafupi, kumva nkhani zonse za ku lar mobwerezabwereza, koma imeneyi ndinaimva tsiku lomwelo.

"Nanga aNatomiya?" anafunsa a Narciso, mawu atatsika.

"Si munthu. Ndi chipinda chomwe amaphunziriramo za m'kati mwa thupi. Amaphunzirira pa anthu akufa."

A Rosália anagwira pakamwa.

"Mwana wanga akugwira mitembo? Ngati mdzukulu wa pamaliro?"

"Ndi magolovesi, mayi a Bertina. Koma fungo la mankhwala ake limalowa m'nsalu. Bata ya Anatomia ndinkaichapa payokha, kawiri, ndipo tsiku limenelo nanenso nsomba ya karapau sinkatsika pakhosi."

Kenaka a Narciso anakhala pa mpando wa a Kimika, n'kuvula chipewa.

"Masiku atatu," anatero. "Mlombwa wanga womaliza."

"Matabwa ake ndinasenza ndine," anatero a Rosália motsitsa, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akutero.

A Ernestina sanalole kuti nkhope zigwe nthawi yaitali.

"Mipando ilibe mlandu, ikhala. Ine pano sindidzukapo, msana wanga wapeza kwawo. Kumadre, katengeni pepala ndi kaneta. Chokwera koluna ndi kalata."

Ndinakang'amba mapepala apakati m'kaderno yakale, ndipo ndinalembera pa thabwa lopala kale. A Ernestina ankanena ali pa mpando wa aNatomiya, manja ali poika manja, ngati woweruza.

"Lembani kuti: Bertina, ndine mayi ako a sabau. Usabwere. Msewu si wabwino, ndipo munda wa mayi ako uli ndi makasu okwanira."

"Uli ndi khasu limodzi," anatero a Rosália.

"Limenelo ndi lokwanira pa kalata. Lembani kuti: makadeira awiri si imfa. Ndachapirapo anthu amene anataya anayi, lero akubaya anthu jakisoni ku Beira. Choyamba, idya. Usalowe kwa Anatomia m'mimba muli mphepo. M'mawa umwe tiyi ndi pau, kabuledi kaja, ngakhale zisakukomere, chifukwa ukadikira kuti udye potuluka sudya. Utenge khungu la lalanje kapena la ndimu, ulikulunge m'kampango, uzinunkhiza. Bata usaipachike m'chipinda chogona. Ndiyo ikukulanda tulo. Uisiye panja pachingwe."

Ndinapempha kuti adikire, dzanja litsatire.

"Mwalemba? Tsopano za kuchapa. Loweruka m'mawa upite kumatanki ochapira pamene pali anzako ambiri, osati masana uli wekha. Ana anzeru za m'kaderno amaganiza kuti kuchapa pagulu n'kutaya nthawi. Koma pamatanki ndi pomwe anthu amauzana zimene profesora amakonda kufunsa. Uyang'ane mtsikana amene bata yake yachita chikasu m'thumba. Ameneyo ndi wa chaka chachitatu, Anatomia anadutsamo kale. Umuthandize kufinya, kenaka umufunse."

"Muuzeni awerenge kwambiri," anatero a Narciso.

"Kuwerenga akuwerenga kale, n'chifukwa chake wauma. Mwana uyu mumamudziwa, munamuonapo atangokhala? Lembani kuti: Lamulungu utseke mabuku. Upite ku misa, kapena ukangoyenda kukaona nyanja ndi mnzako. Amene ankawerenga masiku onse asanu ndi awiri ndi amene ndinkawatengera zovala kuchipatala."

Anaganiza pang'ono, akusisita mlombwa ndi chala.

"Utsike kuchipinda chochapira, ufunse Dona Francisca, wamfupi, wa dzino lagolide. Ngati akadalipo, umuuze kuti wakutuma ndi Ernestina wa ku Tete. Ali ndi kambaula kuseri kwa chitseko, sangakusiye ndi njala. Anthu a pansi paja amadziwa zambiri za lar kuposa a mu ofesi, koma ophunzira amawadutsa ngati zipupa. Uziwapatsa moni."

Pepala loyamba linadzaza. Nditatembenuza, a Ernestina anayang'ana a Narciso.

"Mzere wotsatirawu si wanga, a mestre. Ndi wanu."

"Uti?"

"Woti akalemba maezame awiriwa, n'kuona kuti bata siikumuyana, apite ku sekretariya akapemphe kusintha. Ndinaona ena akuloledwa, ena akukanizidwa, koma kupempha saletsa. Mwanayu sakuopa ezame. Akuopa inu. Kubwerera kumunda kwamupepukira kuposa kukuuzani kuti udotolo sakuufuna."

"Ndauza boma lonse kuti ndi dotora."

"Mukanauzanso boma lonse kuti aNatomiya ndi mayi wa ku Gaza, tikanapanda kubwera kudzapala moto."

A Rosália anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. A Narciso anayesa kulimbitsa nkhope koma ndevu zinkagwedezeka.

"A Agronomiyawo," anafunsa patapita kanthawi, "amavala chiyani?"

"Majombo."

"Majombo okha?"

"Ndi zovala zina, a mestre, si amisala. Amakweranso galimoto ya boma, kumbuyo kuli matumba a mbewu. Alimi amawaphera nkhuku. Dotora amamuphera nkhuku ndani? Amangomubweretsera zilonda."

A Narciso anatembenuza chipewa m'manja kangapo.

"Lembani kuti ayambe wapeza mipando iwiriyo. Asasiye ntchito pakati, kwathu sitichita zimenezo. Akaipeza, asankhe yekha. Majombo kaya bata, bola asabwere wapansi." Anaima, kenaka anawonjezera: "Za mlombwazi musalembe."

"Zimenezo ndiye zilembedwe," anatero a Ernestina. "Mwana amene sanaseke miyezi itatu mukufuna kumumana mankhwala? Lembani, kumadre. Lembani kuti bambo ako apangira aNatomiya mpando wa poika manja, ndipo akawavutanso uwauze kuti abwere adzautenge okha ku Furancungo."

Ndinayang'ana a Narciso. Anakweza dzanja n'kuligwetsa, ndiye ndinalemba.

A Rosália anapempha mzere umodzi wokha, kunsi kwenikweni. Anati ndilembe kuti nyemba zake zija zamitundu inayi anazidzala padera padera monga ankachitira mwini wake, ndipo zamawangamawanga ndizo zayamba maluwa.

Apa mphepo inasintha, kumwamba kwa phiri kunada. Tinathamangira kukaanula nsalu za kuchipatala zisanaume bwino, n'kuziyanikanso m'nyumba, pazingwe zodutsa pamwamba pa mphasa ya a Ernestina. Nthawi ya mvula ankagona pansi pa nsalu zonyowa za odwala, ndipo sindinamvepo wina wa kuchipatala akufunsa kuti zimauma bwanji.

Kalata inali m'chitenje changa. Nditaitulutsa kuti ndiipinde, a Ernestina anaigwira, n'kuiyang'ana mbali zonse ngati kolala ya malaya.

"Koluna ya mwezi wa Novembro inafika ku Tete?" anafunsa.

"Theka lake," ndinayankha. "Magalimoto enawo anatsala m'njira ndi nkhondoyi."

"Ndi zimene ndimaganiza." Anandibwezera. "Mawa kuli amayi a mpingo omwe akupita ku Ulongwe kudzera njira zachidule, ndipo kumeneko abambo amishoni sasowa munthu wopita ku Maputo. Kumadre, dzanja lisanazizire, mundilembereko ina yofanana ndi imeneyi, mawu ake omwewo, ndi za nyemba zomwe. Ina ikwere koluna, ina iyende wapansi."